Kwanu Ndi Kuti pa Nkhani ya Msonkho? Malangizo kwa Amene Moyo Wawo Uli M'mayiko Awiri

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kulowera ku Ntcheu amadziwa kuti pali malo ena pamene msewuwo ndiwo malire, kotero kuti munthu wogula mbatatesi pa Lizulu akhoza kunenerera mtengo ali ku Malawi, n'kukatenga thumba lake ataolokera ku Mozambique. M'maboma awiriwa muli mabanja ambiri amene munda wawo uli ku Angonia pamene ana akuphunzira kuno, ndiponso muli nyumba zambiri za malata zimene zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni, eni ake akumabwera pa Khirisimasi pokha. Anthu oterewa akafunsidwa kuti kwawo ndi kuti sazengereza, amatchula mudzi ndi mfumu yawo, chifukwa kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma mabungwe otolera msonkho akafunsa funso lomweli safuna dzina la mudzi kapena malo amene munakwirirapo mchombo. Iwo amafuna kudziwa kuti ndi dziko liti limene malamulo ake akukuwerengerani ngati wokhala m'dzikomo m'chaka chimene chikukambidwacho, ndipo yankho lake limachokera pa masiku, pa nyumba ndiponso pa kumene moyo wanu wa tsiku ndi tsiku wazikika. Malangizo otsatirawa akusonyeza mmene mungapezere yankholo mwa dongosolo.

Choyamba: siyanitsani unzika, chilolezo ndi kukhala m'dziko pa za msonkho

Zinthu zitatuzi anthu ambiri amazisakaniza, ndipo kulakwitsa kwakukulu kumayambira pamenepa. Unzika umaoneka pa pasipoti ndi pa chiphaso cha unzika. Chilolezo chokhala kapena kugwira ntchito m'dziko la eni chimaperekedwa ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka. Kukhala m'dziko pa nkhani ya msonkho ndi chinthu chachitatu, chimene chili m'malamulo a msonkho ndipo chimayang'aniridwa ndi mabungwe monga Malawi Revenue Authority (MRA) kuno kwathu, SARS ku South Africa, Autoridade Tributária ku Mozambique ndi HMRC ku Britain. Munthu akhoza kukhala Mmalawi weniweni, wokhala ndi pasipoti ya Malawi yokha, koma n'kumawerengedwa ngati wokhala ku South Africa pa za msonkho. Chimodzimodzinso, kuchokera pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, alipo Amalawi amene ali ndi mapasipoti awiri, koma zimenezo pazokha sizitanthauza kuti mayiko onse awiriwo amawawerengera ngati okhalamo.

Dziko lodziwika kwambiri limene limatsata unzika pa msonkho ndi United States. Nzika ya dzikolo, ngakhalenso munthu amene ali ndi green card (chilolezo chokhala ku America mokhazikika), amayenera kupereka lipoti la ndalama zake zonse ku America ngakhale atakhala pa Bembeke chaka chonse osakwera ndege. Ngati muli m'gulu limeneli, dziwani kuti udindo wanu kumeneko suchoka chifukwa choti masiku anu onse mwathera kuno.

Ndi bwinonso kunena msanga kuti msonkho umene tikukamba pano ndi wa pa ndalama zimene munthu wapeza, monga malipiro, lendi, phindu la bizinesi ndi chiwongoladzanja. Msonkho wa katundu umene mumalipira pa chipata cha Dedza kapena cha Biriwiri polowetsa furiji ndi mabulangete ndi wina, ndipo risiti yake si umboni woti munakhoma msonkho wa pa ndalama zanu.

Chachiwiri: lembani masiku anu onse, dziko ndi dziko

Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma palibe njira yoilambalala. Tengani kope, mugawe tsamba lililonse m'mizere inayi: tsiku lolowa, tsiku lotuluka, dziko, ndi umboni umene muli nawo. Kenaka tsegulani pasipoti, yatsopano ndi yakale yomwe, n'kuyamba kukopera zidindo chimodzi chimodzi kubwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi chimodzi. Chifukwa chobwerera zaka zambiri chonchi chioneka tikafika pa lamulo la South Africa.

Ndinathandizapo mlamu wanga kuchita zimenezi tsiku lina Loweruka, titayala pasipoti yake pa tebulo, ndipo tinapeza kuti ulendo umodzi wa pa basi wochokera kuno umasiya zidindo zisanu ndi chimodzi: chotuluka pa Dedza, cholowa pa Calomue, chotuluka pa Cuchamano, cholowa pa Nyamapanda, ndi ziwiri za pa Beitbridge, china cha mbali ya Zimbabwe, china cha mbali ya South Africa. Zidindo zina zinali zitadindidwa pamwamba pa zinzake, zina inki yake itafufuta moti tsiku silinkaoneka, ndipo tinachita kuunika ndi tochi ya foni mopendeketsa tsambalo kuti tiwerenge mwezi. Iye ankawerenga masiku ake a ku South Africa kuyambira tsiku limene anakwera basi, koma masiku a m'njira, amene anathera ku Tete ndi ku Zimbabwe, si a South Africa ndipo si a Malawi. Chidindo chofunika pa kuwerengaku ndi cholowa ndi chotuluka m'dziko lenileni limene mukulifufuza.

Kumene chidindo chikusowa, funani umboni wina: tikiti ya basi, mapepala a malipiro, sitetimenti ya ku banki yosonyeza kumene munatapa ndalama, uthenga wa Mukuru wosonyeza tsiku limene munatumiza ndalama muli kunja, buku la ku chipatala, ngakhalenso kalata ya sukulu yosonyeza kuti munabwera nokha kudzalembetsa mwana. Kwa anthu a m'malire, amene amaoloka wapansi kapena pa njinga popanda chidindo chilichonse, umboni wotere ndiwo wokha umene ulipo, choncho kuyambira lero muzilemba m'kope usiku uliwonse umene mwagona tsidya lina.

Kumbukiraninso kuti mayiko sawerenga tsiku mofanana. South Africa imawerenga gawo la tsiku ngati tsiku lathunthu, kotero kuti amene walowa pa Beitbridge usiku kwambiri tsikulo lawerengedwa kale. Britain kawirikawiri imawerenga tsiku limene munali m'dzikomo pakati pa usiku. Chifukwa cha zimenezi, tsiku limodzi loolokera malire likhoza kuwerengedwa ndi mayiko awiri, ndipo musadabwe masiku anu a chaka chimodzi akaposa 365 mukawaphatikiza.

Chachitatu: dziwani chaka cha msonkho cha dziko lililonse

Kuno ku Malawi chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo zakhala chonchi kuyambira 2022, pamene kale chinkayamba mu Julayi n'kutha mu Juni. Ku South Africa chaka cha msonkho cha munthu payekha chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale. Ku Mozambique ndi ku United States chimatsata kalendala, kuyambira Januwale mpaka Disembala, pamene ku Britain chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Tanthauzo lake ndi lakuti masiku amene mwalemba m'kope muja muyenera kuwadula kawiri, kamodzi motsata chaka cha dziko loyamba, kenaka motsata chaka cha dziko lachiwiri.

Chachinayi: yesani lamulo la dziko lililonse palokha

Pa gawo limeneli musayambe mwafunsa kuti ndi dziko liti limene lili ndi mphamvu kuposa linzake. Tengani dziko limodzi, muiwale kaye kuti linalo liliko, ndipo mufunse ngati malamulo ake akukuwerengerani ngati wokhalamo. Mukatero muchite chimodzimodzi ndi dziko lachiwiri.

Ku Malawi muyeso wodziwika ndi wa masiku 183 m'miyezi khumi ndi iwiri, ndipo sikofunika kuti masikuwo akhale otsatizana. Koma chinthu chofunika kwambiri kuchimvetsa pa lamulo lathu la msonkho ndi chakuti limayang'ana gwero la ndalama. Ndalama zochokera m'Malawi, kapena zimene lamulo limazitenga ngati zochokera m'Malawi, zimakhomeredwa msonkho kuno, mwini wake akhale pa Dedza kapena ku Cape Town. Kukhala kapena kusakhala m'dziko kumasintha makamaka njira yodulira msonkhowo. Wokhala kuno amadulidwa motsata magawo a malipiro ake kudzera mu PAYE (msonkho umene olemba ntchito amadula pa malipiro) kapena popereka lipoti la pachaka, pamene amene sakhala kuno amadulidwa msonkho wa anthu akunja, umene kawirikawiri umakhala 15 peresenti ya ndalama yonse asanachotsepo zimene anawononga. Popeza ziwerengero za msonkho zimatha kusintha ndi bajeti ya chaka ndi chaka, funsani ku ofesi ya MRA chiwerengero cha chaka chimene mukuwerengacho musanalipire.

Ku Mozambique, kwa zaka zambiri, munthu ankawerengedwa ngati wokhalamo akakhala m'dzikomo masiku oposa 180 m'chaka, otsatizana kapena ayi. Palinso njira yachiwiri imene imakola anthu ambiri a m'malire mosadziwa: ngakhale masiku asakwane, munthu amene ali ndi nyumba kumeneko m'njira yosonyeza kuti akufuna kuisunga ngati malo ake okhazikika akhoza kuwerengedwa ngati wokhalamo. Wokhala ku Mozambique amakhoma msonkho wotchedwa IRPS pa ndalama zake za kulikonse, osati za m'dzikomo zokha. Tiyerekeze mayi wa pa Tsangano amene anakwatiwa chitengwa tsidya la Angonia, koma ali ndi golosale mbali ya kuno imene amaiyendetsa yekha. Ngati m'chaka chimodzi wakhala masiku 181 ku Mozambique ndi masiku 184 ku Malawi, waposa muyeso wa mayiko onse awiri m'chaka chomwecho, popanda chinyengo kapena kulakwitsa kulikonse. Chitsanzo chimenechi chikusonyeza kuti kukhala wa mayiko awiri nthawi imodzi si chinthu chachilendo ayi.

South Africa ndi kumene tiyenera kukhalitsapo, chifukwa ndi kumene abale athu ambiri ali. Kuyambira 2001 dzikolo limakhometsa msonkho anthu okhalamo pa ndalama zawo za dziko lonse lapansi, ndipo lili ndi miyeso iwiri. Woyamba umafunsa kumene munthu amakhala mwachizolowezi, kutanthauza dziko limene amabwererako mwachibadwa akamaliza maulendo ake, kumene kuli kwawo kwenikweni. Muyeso umenewu suwerenga masiku. Umayang'ana cholinga cha munthu pamodzi ndi zochita zake: kumene kuli banja lake, nyumba yake, katundu wake, mpingo wake ndi sukulu ya ana ake. Munthu amene wasamukira ku Johannesburg ndi mkazi ndi ana, wagulitsa zake kuno ndipo alibe maganizo obwerera, akhoza kuwerengedwa ngati wokhala kumeneko kuyambira tsiku limene anafika.

Muyeso wachiwiri ndi wa masiku, ndipo umagwira munthu amene woyamba uja sunamugwire. Uli ndi mfundo zitatu zimene ziyenera kukwanira zonse pamodzi: masiku oposa 91 m'chaka chimene chikuwerengedwa, masiku oposa 91 m'chaka chilichonse cha zaka zisanu zapitazo, ndiponso masiku oposa 915 mukaphatikiza zaka zisanu zapitazo. Tiyerekeze bambo wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito yoyendetsa galimoto ku Johannesburg, anasiya mkazi ndi ana kumudzi, akumanga nyumba pa boma, ndipo amabwera mwezi umodzi pachaka. Bamboyu ali ndi zifukwa zomveka zonenera kuti kwawo kwenikweni ndi ku Malawi, choncho muyeso woyamba akhoza kuupulumuka. Koma popeza amathera masiku pafupifupi 335 pachaka ku South Africa, akamalowa chaka chachisanu ndi chimodzi n'kupitirira masiku 91, muyeso wa masiku umamugwira, ndipo amawerengedwa ngati wokhalamo kuyambira tsiku loyamba la chaka chimenecho. M'zaka zisanu zoyamba zija sikuti anali womasuka ku msonkho, chifukwa malipiro a ntchito yogwiridwa m'South Africa amadulidwa msonkho kumeneko ngakhale kwa mlendo. Chimene chasintha m'chaka chachisanu ndi chimodzi ndi chakuti tsopano SARS ikhoza kufunsanso za lendi ya nyumba ya ku Ntcheu ija. Munthu amene anagwidwa ndi muyeso wa masiku wokha amamasuka akakhala kunja kwa dzikolo masiku athunthu 330 otsatizana.

Britain ili ndi muyeso wolembedwa mwatsatanetsatane umene unayamba kugwira ntchito mu Epulo 2013. Amene wakhala m'dzikomo masiku 183 kapena kuposa m'chaka cha msonkho ndi wokhalamo popanda kukambirana. Amene wakhalamo masiku osakwana 16 si wokhalamo, ndipo kwa munthu amene sanawerengedwe ngati wokhalamo m'zaka zitatu zapitazo, malire ake ndi masiku osakwana 46. Pakati pa ziwerengero zimenezi amayang'ana ngati muli ndi nyumba kapena ntchito yokhazikika kumeneko, kenaka amawerenga zingwe zimene zakumangirirani ku dzikolo, monga banja, malo ogona, ntchito ndi masiku amene munakhalako zaka za m'mbuyo. Zingwe zikachuluka, masiku ofunika kuti akugwireni amachepa. United States nayo, kwa amene si nzika, imaphatikiza masiku onse a chaka chino, gawo limodzi mwa magawo atatu a masiku a chaka chatha, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a masiku a chaka cha dzana, ndipo zikakwana 183, munthuyo atakhalamo masiku osachepera 31 chaka chino, wagwidwa. Amene amapita kukaona ana ake masiku 120 chaka chilichonse amapeza 120, kuphatikiza 40, kuphatikiza 20, zomwe ndi 180, ndipo amatsala pang'ono kwambiri kufika pa mzerewo.

Mukamaliza gawo limeneli mudzakhala ndi limodzi mwa mayankho atatu. Mwina dziko limodzi lokha ndi limene likukuwerengerani, ndipo nkhani ya kwanu yathera pomwepo. Mwina onse awiri akukuwerengerani, ndipo muyenera kupita ku gawo lachisanu. Nthawi zina zimachitika kuti palibe dziko limene muyeso wake mwaukwanitsa, koma musakondwere nazo msanga, chifukwa dziko lililonse limene ndalama zanu zachokerako lidzadulabe gawo lake, ndipo simudzakhala ndi pangano lililonse lokutetezani.

Chachisanu: fufuzani ngati mayiko awiriwo ali ndi pangano la msonkho

Mayiko amasainirana mapangano opewa kudula munthu msonkho kawiri pa ndalama imodzi. Malawi ili ndi mapangano otere ndi mayiko owerengeka, kuphatikizapo South Africa ndi Britain. Mapangano awiriwa ndi akale ndithu: la Britain linachokera mu 1955, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo la South Africa ndi la 1971. Ukalamba wawo uli ndi tanthauzo kwa inu, chifukwa analembedwa m'mawu a nthawi imeneyo, amene safanana ndendende ndi mapangano a masiku ano. Choncho pezani pangano lenilenilo, muwerenge ndime imene ikulongosola munthu wokhala m'dziko, ndipo musangotengera zimene mwamva zokhudza mayiko ena. Mapanganowa amapezeka pa intaneti, pa masamba a mabungwe otolera msonkho a mayiko okhudzidwawo.

Mapangano ambiri amakono amatsata chitsanzo cha OECD (bungwe la mayiko loona za chuma) kapena cha United Nations, ndipo mu ndime yachinayi muli makwerero othetsera mkangano wa munthu amene mayiko awiri akumukanganirana. Makwererowa amakweredwa limodzi limodzi, ndipo mukapeza yankho pa limodzi simupitanso pa lotsatira.

Loyamba limafunsa kumene muli ndi nyumba yokhazikika imene mungalowemo nthawi ina iliyonse. Nyumbayo ikhoza kukhala yanu kapena ya lendi, chachikulu ndi chakuti ikhale yokonzedwa kuti muzikhalamo nthawi zonse, osati malo ogona masiku ochepa. Apa pali msampha umene ndauona ukukola anthu. Nyumba imene munamanga pa Dedza boma koma munaikamo anthu ochita lendi si nyumba imene mungalowemo nthawi ina iliyonse, chifukwa kiyi ali ndi ochita lendiwo. M'malo mwake kachipinda kamodzi kamene mukuchita lendi ku Joni chaka ndi chaka kakhoza kuwerengedwa ngati nyumba yanu yokhazikika. Kwa mwamuna wa chikamwini, nyumba imene anamanga kwa mkazi wake, m'mene banja lake likukhala ndipo iye amafikiramo akabwera, ndi nyumba yokhazikika ngakhale malowo ndi a kuchikazi.

Ngati muli ndi nyumba yotere m'mayiko onse awiri, lachiwiri limafunsa kumene kuli phata la moyo wanu, poyang'ana ubale wanu ndi chuma chanu pamodzi: kumene kuli mkazi kapena mwamuna ndi ana, kumene mumagwira ntchito, kumene kuli bizinesi, minda, ziweto ndi mabuku a ku banki, ndi kumene mumatenga mbali pa za mpingo ndi za m'mudzi. Pamenepa ndi pamene milandu yambiri imavutira, chifukwa kwa munthu ngati dalaivala uja banja lili mbali ina pamene malipiro ali mbali ina. Ngati phatalo silikudziwika, kapena mulibe nyumba yokhazikika kulikonse, lachitatu limafunsa kumene mumakhala kawirikawiri, poyang'ana zaka zingapo osati chaka chimodzi. Zikafananabe, lachinayi limafunsa unzika. Taonani kuti pasipoti, imene anthu ambiri amayamba kuitulutsa, ikubwera pafupi ndi mapeto. Ngati ndinu nzika ya mayiko onse awiri kapena simuli nzika ya lililonse mwa awiriwo, mabungwe a msonkho a mayikowo amakambirana okha kuti agwirizane.

Kumene kulibe pangano, makwererowa sagwira ntchito. Dziko lililonse limatsata lamulo lake, ndipo chimene chingakuthandizeni ndi ndime ya m'lamulo la dziko limene limakhometsa ndalama za kulikonse, yololeza kuchotsera msonkho umene mwalipira kale kunja.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani ndalama iliyonse pa gwero lake

Kudziwa dziko lanu la msonkho sikutanthauza kuti dziko linalo lasiya kukufunani. Lembani mtundu uliwonse wa ndalama zimene mumapeza, ndipo pambali pake mulembe kumene zimachokera. Lendi ya nyumba ndi phindu la munda gwero lake ndi kumene kuli nyumbayo kapena mundawo. Malipiro a ntchito gwero lake kawirikawiri ndi kumene ntchitoyo ikugwiridwira, osati kumene kuli bwana kapena banki. Ichi ndi chifukwa chake wachinyamata amene wakhala pa kompyuta m'nyumba ya makolo ake pa Dedza, akugwirira ntchito kampani ya ku London kudzera pa intaneti, ayenera kudziwa kuti ntchitoyo akuigwirira m'Malawi, ngakhale ndalamazo zikubwera m'mapaundi. Mbali inayi, ndalama zimene munthu wogwira ntchito ku Joni watumizira mayi ake kuchokera pa malipiro ake ndi thandizo la pa chibale, osati malipiro atsopano a mayiwo.

Mukatero, dziko la gwero limadula gawo lake poyamba, ndipo dziko limene mukukhala, ngati limakhometsa ndalama za kulikonse, limawerenga ndalama yomweyo n'kukuchotserani zimene mwalipira kale kwina, koma osapitirira msonkho umene ilo likanadula pa ndalamayo. Dalaivala wathu uja akalipira msonkho wa lendi ku MRA, ayenera kuitchulanso lendiyo pa lipoti lake la ku SARS ndi kupempha kuti amuchotsere zimene analipira kuno. Popanda risiti kapena satifiketi yosonyeza msonkho umene unadulidwa ku Malawi, pempho limenelo silingayende, ndipo ndi pamenepa pamene anthu amalipiradi kawiri, osati chifukwa cha lamulo koma chifukwa cha pepala limene linasochera.

Chachisanu ndi chiwiri: lembetsani, ndipo munene chinthu chimodzi kulikonse

Dziko lililonse limene muli ndi udindo wa msonkho limafuna kuti mukhale ndi nambala yake. Kuno ndi TPIN, imene mungaitenge ku ofesi ya MRA ndipo mumaigwiritsa ntchito pa Msonkho Online. Ku Mozambique ndi NUIT, ndipo ku South Africa ndi nambala ya msonkho ya SARS, imene imaoneka pa satifiketi ya IRP5 yochokera kwa olemba ntchito. Mukadziwa dziko limene likukuwerengerani, pemphani kalata yotsimikiza kuti ndinu wokhala m'dzikomo pa za msonkho m'chaka chakutichakuti. SARS ndi HMRC amapereka makalata otere, ndipo ndi amene dziko linalo limafuna kuona lisanakupatseni ufulu wa m'pangano. Kalata imeneyi ndi yosiyana ndi satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, choncho potchula zimene mukufuna mufotokoze bwino.

Mabanki a ku South Africa ndi ku Britain amafunsa makasitomala awo kuti alembe dziko lawo la msonkho potsegula akaunti, chifukwa mayiko ambiri tsopano amapatsana uthenga wa maakaunti. Musalembe Malawi ku banki ya ku Joni pamene ku MRA mwanena kuti mumakhala ku South Africa. Mayankho osemphana amachititsa kuti mbali zonse ziwiri zikukayikireni, ndipo kukonza zimenezi kumadya nthawi yambiri kuposa kuwerenga masiku kuja. Ngati pa nkhani yanu pali nyumba zingapo, kampani, penshoni kapena katundu wamasiye wa m'mayiko awiri, ndalama yolipira katswiri wa za msonkho wodziwa malamulo a mbali zonse ndi yochepa poyerekeza ndi chindapusa, koma mupite kwa iye ndi kope lanu la masiku lili lodzaza kale.

Chomaliza: chaka chosamuka chisamalidwe mwapadera

Kuwerengaku kumachitika chaka ndi chaka, chifukwa yankho la chaka chatha silimanga chaka chino. Chaka chovuta kwambiri ndi chimene mwasamuka, polowa kapena potuluka. Amene akubwerera kumudzi kotheratu kuchokera ku South Africa asangokweza katundu pa basi n'kuzimiririka, koma adziwitse SARS kudzera pa eFiling, njira yake ya pa intaneti, kuti waleka kukhala m'dzikomo, ndi kusunga umboni wa tsiku limene anatuluka pa Beitbridge. Lamulo la kumeneko limamutenga munthu wotere ngati wagulitsa katundu wake wa kulikonse pa mtengo wa pamsika tsiku loti mawa lake aleka kukhala wa dzikolo, kupatula nyumba ndi malo a m'South Africa momwemo, ndipo phindu limene lingapezeke likhoza kukhomeredwa msonkho ngakhale sanagulitse kanthu. Nyumba ya ku Ntcheu ija ikhoza kulowa m'gulu limeneli. Mwayi wake ndi wakuti lamulo lomwelo limayamba kuwerenga phindu kuchokera pa mtengo umene katunduyo anali nawo tsiku limene munthuyo anayamba kuwerengedwa ngati wokhala m'dzikomo. Choncho amene akuona kuti chaka chake chachisanu ndi chimodzi chayandikira, ndipo ali ndi nyumba kapena malo kuno, apeze katswiri wovomerezeka woyeza mtengo wa nyumba kuti amulembere lipoti lokhala ndi tsiku ndi chidindo, ajambule nyumbayo mmene ilili, ndipo mapepalawo awasunge pamodzi ndi pasipoti yakale ija.